Dzina Limene Ndinakuwa Pamzere wa Makuponi

1

Maina onse m'nkhani ino ndawasintha, ndipo chifukwa chake muchiona kutsogoloku. Munditche Misheck Kamanga. Ndimalima fodya wa bale kufupi ndi Kaluluma, pamunda umene anandisiyira malemu bambo anga, a Lameki.

Chaka chimene banja langa linagwedezeka, dzina la mkazi wanga Fainess linali litatuluka pa makuponi a feteleza wotsika mtengo. Amene munaima pamizere ya zaka zimenezo mukukumbukira: dzuwa la mwezi wa Novembala likuswa mtengo, anthu ali pikitipikiti kudepoti, wina kukomoka, wina kulowerera, kenaka kumva kuti lole sifika lero.

Fainess anapita ali ndi mwana wathu Chikhumbo kumsana. Ine ndinati nditsala kunazale ndizithirira. Linali bodza. Atangozimirira ndinakwera njinga n'kumutsatira, monga ndinkachitira akapita kuchigayo, kusikelo ya mwana, ngakhale kumapemphero a amayi Lachinayi.

Ndinaima kuseri kwa golosale ina moyang'anana ndi depoti. Posakhalitsa ndinaona a Ernest, alangizi athu a zaulimi, akutsika panjinga yamoto. Anapita pamene panali Fainess, n'kumupatsa ambulera yawo kuti aphimbe mwana. Kenaka anamugwira mwanayo tsaya, onse awiri n'kuseka. Zimene ndinaona n'zomwezo, palibenso china.

Mmene ndinadutsira msewu sindikumbukira. Ndinangozindikira ndagwira munthu malaya pakhosi.

"Lero ndakugwira, Samsoni!" ndinakuwa. "Tenga mwana wakoyu! Ndatopa kulera mwana wa mwini!"

Mzere wonse unatembenukira kwa ife. Kumbuyo kwanga mayi wina anafunsa mnzake kuti, "Samsoni ndiye uti? Awa si a Ernest?" Mawuwo ndinawamva, koma analowera khutu ili n'kutulukira linali.

Fainess sanalire. Anandiyandikira, n'kundiika makuponi m'thumba la malaya.

"Mwamaliza, bambo a Chikhumbo? Imani nokha pamzerepa."

Tsiku lomwelo anakwera matola kupita kwawo ku Chisemphere.

2

Kuti mumvetse, ine ndi Fainess tinakhala zaka zingapo opanda mwana. Atabadwa Chikhumbo anthu anayembekezera kuti ndivina. M'malo mwake munandilowa chinthu. Mwana akagona ndinkamutembenuza mutu n'kumayang'ana makutu ake. Ndinkayerekeza makutuwo ndi a mwamuna aliyense wopereka moni pakhomo. Fainess akachedwa kumjigo, ndinkamufunsa mafunso mpaka ndiwo kupserera. Sindinamupezepo ndi cholakwa, ndipo kusapezako n'kumene kunkandipsetsa mtima kwambiri.

Ankhoswe anakumana kwawo kwa Fainess. Alongo ake, a Kizito, anandiyang'ana ngati galu wakuba mazira. Koma amene analankhula mawu ondilasa anali Fainess mwini.

"Ine banja sindinalikane," anatero, maso ali pansi. "Koma amuna angawa akudwala. Matenda ake sindikuwadziwa dzina. Akafune chithandizo. Akachira ndidzaona ndi maso anga."

"Ndiye kuti ndine wamisala?" ndinafunsa.

"Mwanena ndinu."

Nditabwerera kumudzi ndinawafotokozera mayi anga, a Enelesi, amene amakhala nyumba yoyandikana ndi yanga. Anali atamva kale, poti nkhani yoipa siyenda pansi. Anali akusenda mtedza, ndipo sanakweze mutu.

"Akuti mlangiziyo unamutcha dzina lina?"

"Kaya, mwina lilime linangoterereka."

Manja awo anaima. Kenaka anati, "Pita kwa akulu a mpingo akakupempherere." Ananyamula lichero n'kulowa m'nyumba, mtedza wina n'kutayikira pakhomo osautola.

3

Musaganize kuti kupeza munthu wothandiza matenda ngati anga n'kosavuta kuno kwathu. Ndinayenda mpaka nsapato kutha.

Akulu a mpingo anandipempherera ndi mtima wonse. Anandiwerengera mawu akuti chikondi sichichita nsanje. Ndinavomera kuti amen, koma pobwerera ndinadutsira kunyumba kwa a Ernest kukaona ngati njinga yawo yamoto ilipo.

Mnzanga wina wa ku kalabu ya alimi ananditengera kwa sing'anga ku Lisasadzi. Ndisanamalize n'kufotokoza, mkuluyo anali atagwedeza kale nsupa.

"Mwana si wako. Mkazi wako anakudyetsa khuzumule kuti usaone."

Ndinasangalala kuti ndapeza wondivomereza. Koma potuluka ndinakumana ndi bambo wina amene anali atalowa ine ndisanalowe, ndipo pocheza pa siteji ndinamva kuti nayenso wauzidwa mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi.

Kuchipatala anandipatsa mapiritsi. Ndinkagona m'mizere khasu lili m'manja, mbande zikudikira kuokera. Ndikadzuka, maganizo aja nawonso amadzuka, atapumula bwino. Pa ofesi ina yolembedwa kuti uphungu, kamtsikana kaulemu kanandiyeza magazi, n'kundiuza kuti ndili bwinobwino, tizikambirana momasuka m'banja. Ndinatuluka ndikufuna kumenya chitseko. Tikambirana bwanji, mkazi ali ku Chisemphere?

Nditabwerera kuchipatala kukadandaula za mapiritsi aja, ndinapeza namwino wina wachikulire woona za matenda a maganizo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, ameneyo.

"Bambo, mankhwala ali ndi ntchito yake, koma anuwa si a mapiritsi okha," anatero. "Kuli mayi wina, a Mphepo. Amachokera ku Lilongwe Lachinayi lililonse, amabwereka chipinda paholo ya parishi kuno ku boma. Anaphunzira za maganizo a munthu. Koma ndikuchenjezeni, sapereka mankhwala."

"Nanga amapereka chiyani?"

"Amamvetsera."

Ndinaseka mokwiya. Kuchoka ku Kaluluma mpaka ku Kasungu boma, kusiya fodya m'munda, kuti munthu akangondimvetsera? Koma ndinalibe khomo lina logogoda.

4

M'chipindamo munali mipando iwiri ndi zenera loyang'ana ku phiri la Kasungu. Mayi Mphepo anali a msinkhu wapakati, imvi zitayamba, mandala ali pamphuno. Sanavale choyera cha adokotala. Anandipatsa moni bwinobwino n'kundifunsa chimene chandibweretsa.

Ndinakhuthula zonse: makutu a mwana, kumjigo, kudepoti. Nditamaliza ndinati, "Tsono inu ophunzira, ndiuzeni chimodzi. Mwana uja ndi wanga kapena ayi?"

"Chimenecho ine sindingachidziwe," anayankha. "Kumzinda kuli njira yoyezera magazi a bambo ndi mwana. Koma tiyerekeze kuti mwayezetsa, ndipo zotsatira zati mwana ndi wanu. Mtima ukhala pansi?"

Ndinafuna kunena kuti inde. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Ndidzati adokotala awagula."

"Ndiye kuti funso limene likukudyani si la magazi a Chikhumbo. Ntchito yanga ili pamenepo."

Anandifotokozera kuti njira yawo amaitcha sayikoanalisisi, ngakhale kuti iwo anaisintha pang'ono kuti igwirizane ndi anthu obwera kamodzi pa sabata. Anati munthu sadziwa zonse zimene zili mumtima mwake. Pali zina zimene anakumana nazo ali wamng'ono, zolemera zoti mwana sangazinyamule, ndiye amazikankhira kutali n'kukula ngati palibe chinachitika. Koma sizifa. Zimatulukira m'maloto, m'mawu oterereka, ndi m'makhalidwe amene munthu amabwereza iye mwini akudana nawo.

"Inu ntchito yanu n'kulankhula chilichonse chobwera m'mutu, osasankha. Chochititsa manyazi, chopanda mutu, nenani. Ine ndizimvetsera, nthawi zina ndizikuuzani zimene ndaona. Zolankhula muno zimathera muno."

"Malangizo mundipatsa liti?"

"Mwalandira kale malangizo ambiri, bambo Kamanga. Akuthandizani?"

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Sindikunamizani. Si za sabata imodzi kapena ziwiri."

Ndinatuluka ndikudziuza kuti sindidzapondanso. Lachinayi lotsatira ndinapezeka ndakhala pampando womwewo.

5

Miyezi imene inatsatira inandiwawa kuposa kupalira m'nthaka ya makande. Mvula inali pakati, misewu yoterera, matola kutitimira m'matope. Fodya anafika pothyola, ntchito ili m'khosi, ine ndili pamsewu wa ku boma. Anzanga a ku kalabu ankanong'onezana kuti Misheck mutu unasokonekera, chatsala n'kumutengera ku Zomba.

Ndipo ndikafika, mayi aja amangoti, "Yambani pamene mukufuna."

Ndinkalankhula za mitengo yoipa ya kuokushoni, za feteleza wosakwana, za alamu anga a Kizito. Nthawi zina ndinkangokhala duu dala, kuti ndione ngati atope. Samatopa. Ndikawafunsa ngati ali pabanja, amandifunsa chimene ndikuganiza ineyo. Tsiku lina ndinawauza loto limene linkandibwerera, loti ndikuimba nyimbo ya Sande sukulu koma mawu osatuluka. Ndinayembekezera kuti amasulira ngati Yosefe. Iwo anangofunsa kuti, "Mumaimbira ndani?"

"Ndikanadziwa ndikanabwera kuno?" ndinawakalipira.

Za bambo anga ndinkalankhula mosavuta. A Lameki anali munthu wofatsa, ankandinyamula pamapewa popita kumunda, sanandimenyepo. Za mayi anga ndinkangoti ndi mayi abwino, basi. Mayi Mphepo anandiuza tsiku lina kuti aona kuti ndikafika pa mayi anga nkhani imafupika. Ndinayankha kuti palibe chonena.

Kenaka Lachinayi lina ndinafika msanga. Ndinaima kuseri kwa khoma la holo, maso ali pachitseko chawo. Chitatseguka, munatuluka bambo wina wovala bwino, akuseka, mayi Mphepo nawonso akumwetulira. Mkwiyo uja wa kudepoti unandiyakanso ngati moto.

Ndinalowa osapereka moni.

"Kani ndi ena mumaseka? Ine mumangondiyang'ana ngati chitsa! Ndani ameneyo?"

Sanadzidzimuke. "Za munthu wina sindingakuuzeni, monganso zanu sindingamuuze iye. Koma ndikufunseni, munaima pati pamene mumationa?"

"Kuseri kwa khoma."

"Kudepoti munaima kuseri kwa golosale. Kumjigo munati mumabisala pachulu. Zimene mumachita ndi akazi anu lero mwachita ndi ine, ndipo n'zothandiza, chifukwa muno tikhoza kuziyang'ana popanda wovulala. Ine ndikuona munthu amene nthawi zonse amapezeka ali panja, akulondera khomo limene mkati mwake muli mkazi ndi mwamuna. Kulondera makomo munayamba liti, bambo Kamanga?"

Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndinamva ngati andivula pagulu.

"Inu simudziwa kanthu! Mumangondidyera nthawi!"

Ndinamenyetsa chitseko. Masabata angapo sindinapiteko.

6

Chimene chinandibweza ndi chigafa changa chomwe.

Masana ena kunagwa mvula yamphamvu ndikupachika mikangala ya fodya. Aganyu anathawira mkati. Ine ndinapezeka ndakhala pakhomo pa chigafa, msana uli kwa anthuwo, maso ali kunjira, madzi a padenga akundidonthera m'mawondo. Fungo la fodya wouma litasakanikirana ndi la dothi lonyowa linandilowa m'mphuno, ndipo m'kamwa mwanga munamveka kutsekemera kwa siwiti, chonsecho sindinadye kanthu.

"Abwana, lowani mukunyowatu," anatero mayi wina waganyu.

Ndinakhalabe pomwepo, maso ali kunjira.

Lachinayi ndinali pampando uja. Ndinayembekezera kudzudzulidwa. Mayi Mphepo anangoti, "Mwabwera. Yambani pamene mukufuna."

Ndinawauza za pachigafa. Atamvetsera anandipempha kuti ndifotokozenso za tsiku la kudepoti, pang'onopang'ono. Ndinausa moyo, poti nkhaniyo ndinali nditaibwereza mpaka kutopa nayo.

"Ndinadutsa msewu, ndinamugwira Samsoni uja malaya..."

"Ndani?"

"Ernest."

"Mwati Samsoni. Si koyamba. Tsiku loyamba lija munatero, ndipo munandiuzanso kuti mayi anu anafunsa za dzina limene munakuwa. Ndinadikira kuti mwina mulimva nokha. Samsoni ndi ndani?"

"Sindidziwa munthu wa dzina limenelo."

Panja wina ankasesa masamba. Ndinayang'ana phiri pazenera, ndipo ndinamva pakamwa panga pakulankhula ngati pa munthu wina.

"Anali kapitawo."

Ndisanayambe sukulu, makolo anga anali matenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Lisasadzi. Kapitawo wake anali a Samsoni, munthu wamtali, wa chipewa chachikopa. Iwowo ndi amene ankagawa ntchito, ndipo kawirikawiri bambo anga ankatumidwa kutali ndi ngolo kukadula mitengo ya zigafa. Akachoka, mayi ankandigwira dzanja kupita nane ku chigafa chakumapeto, chakufupi ndi dambo.

"Khala apa," ankatero. "Ukaona munthu akubwera, uyimbe nyimbo ija ya ku Sande sukulu, mokweza."

Ndinkakhala pakhomopo, maso kunjira, kuopa kuti munthu akabwera mawu sadzatuluka. Potuluka, a Samsoni ankandipatsa siwiti. Ndipo tsiku lina anandigwira mutu, n'kuutembenuza uku ndi uku, akuseka.

"Taona makutuwa, Enelesi. Anga enieni."

Madzulo bambo ankabwera atatopa, n'kundikweza pamapewa. "Mwaswera bwanji ndi amayi ako?" Ine ndinkati, "Taswera bwino," siwiti ndili nditaibisa m'tsaya.

Sindinganene kuti ndinali nditaiwaliratu. Zinali ngati chipinda cha m'nyumba mwako chimene umadutsa tsiku ndi tsiku osatsegula, mpaka kuleka kuona kuti pali chitseko. Ndinalira pamaso pa mayi wachilendo, ine bambo wandevu, mamina ali chuchuchu.

Nditatonthola mayi Mphepo anati, "Mwana amene mwakhala mukumufunafuna bambo wake, ndi Chikhumbo?"

Ndinapukusa mutu. Mwanayo ndinali ine.

7

Mayi anga ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka fodya. Ndinakhala pansi moyang'anana nawo, ndinatenga singano ina n'kuyamba kuwathandiza.

"Amayi, a Samsoni ali moyo?"

Singano inawagwa m'manja.

"Wakuuza ndani?"

"Palibe. Ndinalipo. Munkandikhazika pakhomo."

"Unali kamwana iwe. Sungakumbukire."

"Nyimbo ija ndikuimbireni?"

Anaphimba nkhope ndi chitenje. Ndinaganiza kuti akana, kapena anditemberera. Koma atavundukula anali mayi wokalamba chabe, wotopa.

"Anamwalira kalekale," anatero. "Misheck, bambo ako a Lameki sankabereka. Abale awo ankandinyoza ine kuti ndine chumba, ankawauza kuti andisiye. Iwo anakana. Tili ku esiteti, kutali ndi maso a abale, iwo eni ndi amene anakapempha a Samsoni kuti atilowere m'nyumba mwachinsinsi, tipeze mwana. Anagwirizana kuti mimba ikangooneka, zithere pomwepo. Kulakwa kwanga n'kwakuti sindinaleke. Mtima unapita."

"Ndiye bambo ankadziwa kuti ine..."

"Usanabadwe n'komwe. Dzina anakutcha okha. Mchombo wako utagwa anapha tambala."

"Nanga za kuchigafa?"

"Anadzazindikira. N'chifukwa chake tinachoka ku esiteti pakati pa nyengo n'kubwerera kuno." Anatola singano n'kumaitembenuza m'manja. "Za a Samsoni anandikhululukira. Chimene sanandikhululukire mpaka kumanda n'chakuti ndinkakuika iwe pakhomo. Ankati, mwana wanga munamusenzetsa mtolo wa akuluakulu."

Mwana wanga. Mawu amenewo anandipyoza kuposa ena onse. Munthu amene ankadziwa bwinobwino kuti magazi si ake anandinyamula pamapewa moyo wake wonse. Ine, wopanda umboni ngakhale wa kambewu ka fodya, ndinakana mwana wanga pamaso pa midzi yonse.

"Usatulutse nkhaniyi," mayi anandigwira mkono. "Kuno munda umatsata bambo. Ana a bambo ako aang'ono akangomva, mawa lomwe adzazula zikhomo za m'malire."

Tsopano mwadziwa chifukwa chake maina ndawasintha.

Lachinayi lotsatira ndinalowa kwa mayi Mphepo ndili ndi chiyembekezo. "Ndiye ndachira tsopano?"

"Mukumva bwanji inuyo?"

"Dzulo ndinalota Fainess ali ndi mwamuna wina. Ndinadzuka ndikufuna kukwera njinga." Ndinamenya bondo ndi chibakera. "Ndiye phindu lake n'chiyani? Ndavutika miyezi yonseyi, ndaliza mayi anga, chinthucho chidakalipo!"

"Munakwera njingayo?"

"Ayi."

"Kale mukanakwera. Chinthu chimene chakula nanu kuyambira ubwana sichichoka tsiku limene mwachizindikira. Chidzabwerabe. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano chikabwera mukudziwa kumene chachokera, ndipo mukhoza kusankha chochita. Ntchito yeniyeni ikuyamba pano."

Ndinafuna kuwagenda ndi mpando. Ikuyamba pano!

8

Fodya atapita kuokushoni ndinapita ku Chisemphere. Ndinapempha a Kizito kuti ndilankhule ndi Fainess patokha. Tinakhala kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinamuuza zonse, kuyambira pachigafa chakumapeto. Ndi munthu yekhayo wa m'banja amene ndinamuuza.

Anamvetsera osandidula. Misozi inalengeza m'maso mwake, koma mawu ake anali ouma.

"Kamnyamata kaja ndakamvera chisoni, bambo a Chikhumbo. Zoona. Chinsinsi chanu ndichisunga. Koma amene anandivula ulemu kudepoti sanali kamnyamata. Anali bambo wamkulu. Amayi akumpingo mpaka lero amayang'ana mwana wanga nkhope n'kumatsinana. Munandinyoza pagulu, mukupepesa kuseri kwa nkhokwe?"

"Ndichite chiyani?"

"Mukudziwa."

Pa msonkhano wa kalabu wotsatira, alimi atadzaza pansi pa mtengo, ndinaimirira. Ndinanena kuti ndinawanamizira a Ernest, ndinamunamizira mkazi wanga, ndipo Chikhumbo ndi mwana wanga. Ena anaseka. A Ernest anandipatsa dzanja mosafuna, osandiyang'ana kumaso, ndipo mpaka lero kumunda kwanga amatuma mnzawo. Lamulungu ndinabwereza mawu omwewo kutchalitchi.

Nditabwereranso ku Chisemphere ndinapeza Chikhumbo akuyenda. Ndinagwada n'kutambasula manja. Mwana anandiyang'ana ngati mlendo wogula nkhuku, n'kubisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake. Nthawi yomweyo a Kizito anatulukira kuchokera kudimba, ndipo mwana uja anathamanga mwadzandidzandi, manja m'mwamba.

"Adada! Adada!"

Moto uja unabwera wonse. Mawu oipa anali atafola kale palilime. Ndinaona Fainess atasiya kupeta, akundiyang'ana.

Ndinakhala pansi padothi, manja ndinawapanikiza pakati pa mawondo. Ndinapuma. Ndinadziuza kuti awa ndi amalume ake, amene amugulira phala ndi sopo miyezi yonse imene ine ndinali kuyeza makutu.

"Alamu," ndinatero, "zikomo pondilerera mwana."

A Kizito anamutembenuza mwanayo kuti ayang'ane kwa ine. Fainess anayambiranso kupeta. Pondiperekeza, tili pa mphambano, anati, "Lamulungu likubwerali mubwerenso. Mwana akuzolowereni."

"Nanga inu mubwerera liti kunyumba?"

"Musandifulumize."

9

Pamene ndikulemba pano, Fainess adakali kwawo. Ndimapitako, timacheza, nthawi zina amaseka. Za kubwerera sananenebe, ndipo masiku ena zimandipsetsa mtima moti ndimalankhula ndekha m'munda ngati wamisala weniweni.

Inu owerenga, makamaka abambo anzanga, sindikuuzani kuti thamangirani kwa anthu ngati mayi Mphepo mukachire msanga. Choyamba, ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo ine ndinachita mwayi kuti namwino mmodzi anandilozera njira. Mukafuna, funsani kuchipatala kwa oona za matenda a maganizo, ndipo khomo loyamba likakukhumudwitsani gogodani lina. Chachiwiri, chithandizo chimenechi n'chochedwa, n'chotopetsa, ndipo munthu amene mukumuyembekezera kuti akupatseni yankho amakubwezerani funso. Mudzakwiya naye. Ine ndakwiya naye kambirimbiri.

Koma ngati pali chinthu chimene mumachitira mkazi wanu mobwerezabwereza, inu eni osachimvetsa, umboni palibe koma mtima osagona, musathamangire kunena kuti wakudyetsani mankhwala. Mwina mlandu umene mukumuzenga si wake. Fainess anazengedwa mlandu wa zimene zinachitika iye asanabadwe, kumalo kumene sanapondeko.

Ndipo inu makolo, mukamachita zanu zamseri, musamati mwana ndi wamng'ono, sadziwa kanthu. Mwina sadzatha kuzifotokoza, koma adzazinyamula, ndipo amene adzamve kulemera kwake ndi mwana wa eni amene adzakwatirane naye.